Mtsinje wa Dubai ndi Wamchere

Ndinanyamuka Lachisanu m'mawa, tsiku langa lopuma. Ndimagwira ntchito yaulonda pa nyumba ina yosanja ku Business Bay, ndipo kampani imatigoneka ku Al Quoz. Ndikumanga nsapato, Mulenga, mnzanga wa ku Zambia amene amagona bedi lapamwamba, anasuzumira pansi.

"Uyenda kuti, boyi?"

"Kumtsinje."

"Dubai ilibe mtsinje, iwe. Ili na mafuta chabe. Khalas, basi, gona."

Mkazi wanga Thokozire akanamuyankha bwino kuposa ine. Tinadziwana ku koleji, ndipo iye anakakhala mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera ku Salima. Ankaphunzitsa ana za Nailo, za Tigirisi ndi Firate, mmene anthu anakhazikikira m'zigwa za mitsinje, nakumba ngalande, naumba njerwa, mpaka midzi inasanduka mizinda. Ankati palibe mzinda wopanda mtsinje woubala. Nditapeza ntchito kuno, anandituma kuti ndikaone mtsinje umene unabala Dubai. Anamwalira chaka chatha, mvula itangoyamba. Za matenda ake sindilemba.

Chimene chinandidzutsa tsikulo ndi uthenga wa a Gwaza, amalume ake a Thokozire, eni mbumba. Anati abale agwirizana zondisudzula, ndipo akufuna yankho langa masana a Lachisanu lomwelo. Mwai, mwana wathu wa zaka zinayi, atsala m'manja mwa mbumba. Maziko a nyumba amene tinayamba pamalo a kwawo kwa Thokozire ku Salima, pafupi ndi mtsinje wa Linthipe, ndiwaiwale, poti pamenepo madzi amafikapo. "Inu ndinu a mumzinda waukulu," anatero. "Matope athu muchita nawo chiyani?"

Basi ya kampani inanditula ku Business Bay cha m'ma seveni. Sitima yamagetsi inandidula madirihamu atatu pa khadi. Sitimayi ilibe dalaivala, ndipo aliyense amaoneka kuti zimenezi sizimudetsa nkhawa, kupatula ife amene tinakulira m'maminibasi momwe dalaivala amafunika kumuyang'anira. Ndinalowa mothamanga, osayang'ana mzere wapinki pansi. Mayi wina wokankha ngolo ya mwana wa abwana ake anandiyang'ana nkhope, kenaka nsapato, n'kuyankhula Chichewa.

"Achimwene, muno ndi mwa amayi. Akakupezani akulipitsani, mukayamba kulira m'chinenero chathu, mutichititse manyazi."

Ndinathokoza n'kubwerera kumbuyo kwa mzere. Ngakhale m'sitima, munthu amafunika kudziwa mbumba imene yamulandira.

Tinadutsa pafupi ndi Burj Khalifa, kenaka sitima inalowa pansi pa nthaka. Ndinasintha pa BurJuman n'kukatsikira ku Al Ghubaiba. Kumeneko mzinda umafupika msinkhu. Nyumba zake n'zakale, zamtundu wa mchenga, zokhala ndi tinsanja tokokera mphepo m'kati. Ndinadutsa mumsika wa nsalu, kumene wogulitsa aliyense ananditcha mchimwene wake wa ku Nigeria, ndipo nditatuluka, ndinangoona madzi.

Anthu a kuno amawatcha Khor. Ndi otambalala ngati Shire pa Liwonde, ndipo amakhota pakati pa mzinda. Zombo zamatabwa zinali zitakocheza tsidya linalo, anthu akukweza mafiriji, matayala ndi matumba a mpunga. Apa ndi pamene asodzi, ofukula ngale ndi amalonda anakhazikika, mafuta asanadziwike. Ndinaima kanthawi. Ndinkafuna kuuza munthu mmodzi yekha kuti ananena zoona.

Owoloka amakwera abra, kabwato kamatabwa kokhala ndi benchi pakati ndi denga lansalu. Mtengo wake ndi dirihamu imodzi, yopereka pamanja. Pambali panga panakhala bambo wina wachikulire wa ndevu zoyera, atanyamula katoni ya zipatso za kanjedza. Ataona mmene ndinkayang'anira madzi, anandifunsa m'Chingerezi ngati ndataya kanthu.

"Ndabwera kudzaona mtsinje," ndinatero.

Anaseka mpaka katoni inagwedezeka. "Mtsinje? Habibi, bwenzi langa, iyi ndi nyanja yangolowa m'mudzi. Mtsinje ndi kwathu. Ine ndine wa ku Basra, kumene madzi a Tigirisi ndi Firate amadutsa atakumana kale."

Ndinamuuza kuti kwathu ana a sekondale amaphunzira za kwawoko, ndi kuti mkazi wanga ankawajambulira mitsinje iwiriyo pa bolodi.

"Amakhoza?"

"Ambiri amagwa pa kalembedwe ka Mesopotamiya."

"Ngakhale ife sititchula dzina limenelo," anatero. "Mkazi wakoyo umupatse moni."

Ndinangogwedeza mutu. Nthawi yomweyo bwato lina linatidutsa, funde lake linamenya m'mbali mwa abra, madzi n'kutithira kumaso. Ndinanyambita milomo. Mchere.

Zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinali nditayenda ulendo wonsewu kuti Thokozire apambane mtsutso ndi Mulenga, munthu amene sanamuonepo, ndiye madziwo n'kukhala oti sungathirire ndi phesi limodzi la chimanga.

Kuti ndisaonetse nkhope, ndinafunsa mkuluyo za zimene tinkaphunzira ku koleji: zitunda za m'chigwa cha kwawo, zimene akatswiri akakumba amapeza kuti ndi nyumba zomangidwa pamwamba pa nyumba zinzake.

"Zilipo, mbuzi zimadya pamwamba pake," anatero. "Nyumba yadothi ikagwa, kaya ndi madzi, kaya ndi nkhondo, mwini wake ankasalaza n'kumanga pomwepo. Mdzukulu wake chimodzimodzi. Anthu osamva, habibi. Mpaka lero sitimva."

Tinakocheza ku Deira. Anandipatsa zipatso zitatu, nati yalla, ndiye kuti tiyeni, n'kulowa m'khamu la anthu.

Ndinadutsa mumsika wa zokometsera ndiwo n'kuyenda wapansi mpaka ku Naif, dzuwa likuwotcha pakhosi. Pa kalesitilanti kena ndinagula chapati cha dzira ndi tiyi wa karak, wamkaka wotsekemera kwambiri, zonse madirihamu asanu. Nthawi ya mapemphero itakwana, mashopu anatsitsa zitseko. Ndinakhala pamthunzi n'kumaona anthu akudutsa: a ku Pakistan, a ku Kerala, a ku Ethiopia, a ku Uganda. Dubai ndi mudzi wa akamwini. Timamanga, timasesa, timalondera, ndipo tsiku lina chitupa chikatha amatisudzula mwaulemu pabwalo la ndege. Kuno ndinavomera zimenezo ndisanakwere n'komwe ndege. Kuvomeranso kwathu, pa mwana wanga, ndiye ayi.

Ndinaimba foni. A Gwaza anayankha msanga, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka mawu a anthu ambiri.

"Bambo a Mwai, tasonkhana. Tikumvereni."

"Amalume, ndathokoza ulemu wanu. Koma musandisudzule."

A Gwaza anayankha kuti: "Mwambo mukuudziwa. Tikukumasulani kuti mukapeze banja lina. Mukadali mnyamata."

"Ukwati unamasulidwa kale ndi imfa. Kwa Mwai palibe chomasula. Ndidzabwera pa tchuthi, ndidzamaliza nyumba ija, ndipo idzakhala yake. Malowo ndi a mayi ake, ine sindikuwalanda. Ndikungokana kuchokapo."

"Paja pamafika madzi. Chaka chatha anagumula mbali ina ya maziko."

"Tidzasalaza n'kumanga pamwamba pake, mokweza."

"Akagumulanso?"

"Tidzakwezanso."

Anapuma mwamphamvu. "Mkamwini wouma mutu chonchi sindinamuonepo. Ndi zimene munkaphunzitsana ku koleji ndi malemuwo?"

"Zomwezo, amalume."

Ndinamva mayi wina akuseka chapansipansi, ndipo ndinazindikira kuti ndi apongozi anga, mayi ake a Thokozire. A Gwaza anati nkhaniyi sinathe, tidzakambirana ndikadzafika, ndipo njerwa za pamaziko aja palibe azigwire. Kenaka anapereka foni kwa Mwai, amene anandifunsa ngati ku Dubai kuli ng'ona. Ndinamuuza kuti ndayang'ana bwinobwino, sindinaione.

Ndinabwerera pa abra ina, dirihamu inanso. Thokozire analakwitsa pang'ono: madzi amene anabala mzinda uno si a mtsinje. Ndikanamuuza, akanatsutsa mpaka nditatopa, n'kumaliza ndi kuti madzi ndi madzi. Chimene ndinaphunzira n'chakuti madziwo, amchere kapena ozuna, paokha samanga kanthu. Amamanga ndi munthu amene wauzidwa kuti achoke, iye n'kuyamba kukanya dothi.

Nditafika ku Al Quoz, Mulenga anali akuchapa yunifolomu.

"Waupeza mtsinje wako?"

"Ndaupeza," ndinatero. "Uli ku Salima."