Mtengo wokhota wa a Lorraine

A Wendell Gauthier anakalambira kocheka matabwa, kumpoto kwa dera lozizira la Maine. Ntchito yawo inali kusankha zipika: chowongoka chilowe m'makina, chokhota chikhale nkhuni. Diso limenelo ankapita nalo mpaka kunyumba. Chithunzi chikapendekeka pakhoma, sankadya asanachiwongole.

Akazi awo, a Lorraine, ankasankha mitengo ya pabwalo poganizira miyezi ya chisanu, pamene maluwa onse afa ndipo kunja kwangoti mbuu. Chaka china anabwera ndi kamtengo ka nthambi zopiringizika, n'kukadzala pafupi ndi zenera la kukhitchini.

"Akunamizani, mayi. Kamtengo aka n'kodwala," anatero a Wendell.

"Odwala ndi maso anuwo. Dikirani masamba ayoyoke."

Masamba akayoyoka, chipale chofewa chinkakhala m'makhota a nthambizo, a Lorraine n'kumamwa khofi akuyang'ana panja. A Wendell sanavomerepo kuti n'kokongola. Anali munthu wamakani.

A Lorraine atamwalira, bamboyo anatsimikiza mumtima kuti mtengowo usafe. Kutsinde kunatuluka mphukira zowongoka, zonenepa, ndipo iwo anakondwa kuti mtengo wachira. Anazisamala, n'kumadulira nthambi zokhota kuti zisatchinge dzuwa. Zaka zinapita akuchita zomwezo, ndi chikondi chonse.

Tsiku lina a Bernice, mng'ono wa malemuwo, anaima pazenera paja n'kugwira pakamwa.

"Alamu, mtengo wa achemwali uli kuti?"

"Si uwo? Onani mmene wakulira."

"Umenewo si wawo. Mtengo uja ndi womezanitsa. Zowongokazo n'za tsinde lakuthengo, zikulanda chakudya. Achemwali ankazidula chaka chilichonse, inu muli kuntchito."

A Wendell anauyang'ananso mtengowo. Chisoni chinawagwira, pakuti pakhomo ponsepo chamoyo chimene akazi awo anasiya chinali mtengowo basi. Anavala jekete, natenga kasowo kodulira nthambi, n'kutuluka. Anagwada m'chipale, mawondo akudandaula, n'kuyamba kufunafuna pakati pa mphukirazo. Pansi penipeni anapeza kanthambi kamodzi kokhota, kowonda ngati chala. Anakakanda ndi chikhadabo. Mkati munali mobiriwira.

Anadula zowongoka zonse, imodziimodzi. Zinali ndodo zabwino, zopanda mfundo, zimene kuntchito kuja akanaziyamikira. Anazinyamula n'kukaziponya pa mulu wa nkhuni.

Atabwerera m'khitchini anakokera mpando wa a Lorraine pazenera. Kanthambi kaja sikankaoneka bwino, mpaka anachita kuwerama.