Pulogalamu Imene a Hamilton Ankayesa Yakuba

A Hamilton Sailesi anabadwira ku Kadoma, ku Zimbabwe. Bambo awo, amene anathera unyamata m'migodi ya ku Joni, anawalera ndi lamulo limodzi lokha: chinthu chimene sunagule, waba.

Atafika ku Elsburg, kufupi ndi Joni, mu 2008, a Hamilton anatsegula kashopu kokonzera makompyuta. Mnzawo wina anawapatsa disiki ya Linux, pulogalamu yodzutsa ngakhale kompyuta yotheratu. "Muziika basi, n'zaulere," anatero. Zaulere ku Joni? A Hamilton anangodziwiratu kuti n'zakuba.

Koma ana amafuna kudya. Zaka khumi ndi zisanu ankaika pulogalamuyo atatseka chitseko, galimoto ya apolisi ikadutsa thukuta lili kamukamu. Kutchalitchi anawasankha kawiri kukhala mkulu wa mpingo, kawiri konse anakana. Tsiku lina chikumbumtima chitawakulira, anaulula kwa bambo awo, amene a Hamiltonwo ankawasunga pakhomo pawo. Mkuluyo sanakalipe. Anangosiya kudya za m'nyumbamo, kenako n'kusamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Benoni.

Chaka chatha kunabwera mayi Tasneem, woyang'anira makompyuta pakampani ina yonyamula katundu ku Kempton Park, atanyamula malaputopu akale asanu. Anati akufuna Linux, mokweza mawu ngati akugula tomato.

"Pang'onopang'ono, mayi! Mundimangitsa!" anatero a Hamilton akuthamangira kuchitseko.

Mayiwo anaseka, koma ataona nkhope yawo anasiya. Anawafotokozera kuti pulogalamuyo anaiyamba wophunzira wina ku Ulaya mu 1991, n'kuipereka dala kuti aliyense aitenge, aikonze, agawire anzake. Anthu miyandamiyanda akhala akuwonjezerapo nzeru zawo. Makampani akuluakulu amaidalira, ndipo ngakhale foni imene inali m'thumba mwa a Hamilton inamangidwa pa iyo.

"Hawu! Ndiye palibe amene ndinamubera?"

"Palibe, bambo. Chilolezo chake ichi, werengani nokha."

Anawerenga kawiri. Wina akanavina. Koma iwo mtima unawawa kuposa masiku onse amene ankadziyesa mbava. Anatseka shopu masanasana, kukwera takisi ya ku Benoni, osauza ngakhale akazi awo.

Anakaima pamanda, chipewa m'manja, foni yosonyeza chilolezo chija ataitembenuzira kumwala.

"Baba, sindinabe," anatero.

Mkuluyo anali atagona pamenepo zaka ziwiri.