Mawu Amene Atate Ankakhulupirira

Chaka chimene Rufunsa inakhala boma payokha, ine ndinaganiza zochoka. Anthu ankavina kuti chitukuko chafika, koma ntchito za m'maofesi atsopano zinabwera ndi eni ake kuchokera ku Lusaka, matiresi ali pamwamba pa basi. Ife ana a ku Chinyunyu tinatsala ndi yathu yomweyo, yogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu. Ndinati iyayi, sukulu yonse ija ithere pothamangira mabasi ndi beseni pamutu? Abusa a kwathu, amene ankandimva ndikuwerenga m'tchalitchi, anandiuza kuti kawailesi kena ka mpingo ku Lusaka kakufuna munthu wodziwa Chinyanja ndi Chisoli. Sindinafunse kawiri.

Amayi anali atatisiya kale, ndipo atate maso anali atayamba kuchita mdima. Chimene chinkawadyetsa ndi munda wa kudambo, umene agogo anaswa mphanje, wokhala ndi mitengo ya mango kumalire. Azakhali anga ndiwo ankawathandiza kulima. Tsiku lonyamuka atate anandisisita kumaso ndi manja awo okhakhala nati, "Pita, Esinati. Maso ndilibe, koma makutu alipo. Chimene udzanene iwe pa wailesipo, ndidzadziwa kuti ndi choona."

Kwa a mpingo ntchito yanga inali yowerenga mauthenga a maliro. Mkulu wa wailesiyo, m'busa wokalamba wosaseka wamba, anali ndi lamulo limodzi: uthenga usanauwerenge, uyambe waimba foni kumudzi kapena kuchipatala, umve ngati munthuyo wapitadi. "Osapha munthu wamoyo, mwana wanga," ankatero. Mawu amenewa ndinawauzako atate pa foni ya azakhali. Malipiro anali a nkhuku, ochepetsetsa, ndipo ankabwera mwezi wina utalowa kale. Ndinkagona m'kachipinda ka kukomboni, khoma lake lomveka mkonono wa aneba. Masana kulankhula ndi dziko lonse, madzulo kudya wekha, wosowa ndi wokuuza kuti ndiwo zachepa mchere. Ndinalira kangapo, sindibisa.

Koma pomaliza pulogalamu ndinkaponya moni wa Chisoli, ndipo ndinkadziwa amene akuulandira. Azakhali akakwera pachulu pamene pankagwira netiweki, ankandiimbira: "Atate ako akuti dzulo unatsokomola pa wailesi, umwe mankhwala." Amenewo ndiwo anali makalata athu.

Mpingo utalephera kulipira magetsi ndi lendi, wailesi inagulitsidwa kwa bambo wina wa mashopu. Ameneyo anangolowa mu situdiyo n'kufunsa kuti, "Maliro amagulitsa sopo?" Uthenga wa maliro unasanduka wolipira, ndipo wosauka ankafa mwakachetechete. Zoimba foni kuti titsimikize anati n'kuwononga ndalama. Chisoli anachichotsa, ati akasitomala ake sachimva. Koma malipiro ankagwa tsiku lake, ndipo ndinatumiza malata kumudzi. Ndinene zoona, bambo ameneyo sindinamude. Anali wadyera, koma dyera lake linali la poyera ngati mbuzi ya pamsika.

Kenaka wailesi inagulitsidwanso, ndipo mwini wachitatuyu ndiye sitinamuone n'komwe nkhope. Tinangomva kuti ndi bwana wa ndale amene alinso ndi kampani ya malo, ndipo anatiikira mphwake kukhala manijala. Nkhani zinasanduka zotamanda bwana: bwana wapereka mipira, bwana wayendera odwala. Tsiku lina manijala anandipatsa uthenga woti ndijambule: alimi a ku Rufunsa abwere kubwalo Loweruka adzalandire feteleza waulere, ndipo minda yawo ilembedwe kuti anthu obwera asawalande.

Ndinafunsa kuti, "Ba manijala, izi watsimikiza ndani?"

"Mayi, mumalipidwa kuwerenga, osati kufunsa. Manje muikemo ka Chisoli kanu kaja, anthu amve kuti ndi wa kwawo."

Kalanga ine, ndinakondwa! Ndinati Chisoli chabwerera pa wailesi, atate amva. Ndinauwerenga uthengawo ndi mtima wonse, mwina kuposa onse amene ndinawerengapo. Patapita miyezi anatichotsa ambiri a ife. Pondipatsa envulopu yanga manijala anaseka nati, "Musadandaule, mawu anu tili nawo mu kompyuta." Ndinayesa kugulitsa salaula, zovala zija za kaunjika, mpamba unadyeka ndi lendi. Nthawi yonseyo azakhali ankaimba mwa apo ndi apo, ndipo ndikafunsa za atate ankangoti, "Alipo." Pamapeto pake ndinamanga katundu wanga.

Nditatsika minibasi pa Chinyunyu, fungo la akasupe athu a madzi otentha linandilandira ngati kale. Anthu ndiwo sanandilandire. Anzanga a nthochi, amene ndinkathamanga nawo pamsewu, anangondiyang'ana. Mmodzi anati, "Wailesi yabwera," ndipo palibe anaseka. Ndinadzera njira ya kudambo kuti ndione chimanga cha atate. Ndinapeza waya waminga pa mapolo a simenti, kuyambira pamsewu mpaka kutsidya kwa dambo, minda ya mabanja ambiri ili mkati. Mango athu anali mkati momwemo, ndipo pansi pake panakhala mlonda akudya.

Azakhali anandifotokozera tili kuseri kwa nyumba. Loweruka lija anthu anapita kubwalo, koma ataona kuti akuuzidwa kudinda chala pa mapepala a Chingerezi, anayamba kubwerera m'mbuyo. Pamenepo atate anaimirira ndi ndodo yawo nati, "Amene wanena izi ndi mwana wanga. Sanaphepo munthu wamoyo. Nditsogolereni." Anadinda oyamba, ena onse n'kutsatira. Feteleza analandiradi, kathumba kamodzi aliyense. Atakolola, kunabwera anthu oyeza malo, ndipo zinadziwika kuti minda inalembedwa m'dzina la kampani. Anthu anayenda ku boma mpaka nsapato kutha, nkhani ili m'maofesi mpaka lero.

"Bwanji simunandiuze?" ndinafunsa.

"Atate ako anakaniza. Anati mwana angataye mtima ku ntchito."

Ndinawapeza atate atakhala pakhonde, pansi pa malata amene ndinatumiza, kawailesi kali pamwendo. Anali ataonda, ndipo kumaliro kapena kumowa anali atasiya kupita, chifukwa anthu ankasuntha akakhala pafupi nawo. Ndinagwada, anandisisita kumaso ngati tsiku lija. Tisanalankhule, wailesi inadula nyimbo, ndipo ndinamva mawu anga omwe, aja a mu kompyuta, onona, osangalala, akuitana alimi a dera lina kuti abwere Loweruka. Ndinafuna nthaka itseguke. Atate anazimitsa pang'onopang'ono.

"Unkadziwa?"

"Iyayi, atate. Ndinafunsa, sanandiyankhe."

Anagwedeza mutu. Kugwedezako kunandipweteka kuposa kutukwana, ndiye ndinayamba kubwebweta. Ndinati ndipita ku boma mawa lomwe, ndikudziwa atolankhani ku Lusaka, ndikudziwa loya wina, munda ubwerera, zonse zikhala bwino. Atate anakweza dzanja n'kupeza pakamwa panga, n'kutseka ndi chikhatho.

"Usandiuze zimenezo, Esinati," anatero. "Vuto langa ndi lakuti ukanena iwe, ine ndimakhulupirira."