Matiripi Awiri a Dothi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinalakwitsa samu imene ndikuikumbukirabe kuposa zonse zomwe ndinakhoza. Tinkakhala ku Kasanda, m'nyumba zakale za mgodi, pafupi ndi milu ya zotsalira za mtovu. Mgodiwo unatsekedwa ine ndili wamng'ono, koma fumbi lake silinatsekedwe nawo. Mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, fumbilo linkalowa m'mbale, m'tsitsi, ngakhale pakati pa masamba a makope athu. Ukanyambita milomo unkamva ngati waika khobidi m'kamwa.

Mlongo wanga Yohane anali ndi zaka ziwiri, ndipo anali katswiri pa kudya dothi. Ukangotembenuka pang'ono, unkamupeza atadzaza masaya, akukuyang'ana ngati sakudziwa kanthu. Malo ake anali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, pomwe yadi yathu inkatuluka chimimba kutsatira kupindika kwa ngalande. Pamenepo ndi pomwe ankakumba ndi supuni yakale ya amayi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Chaka chimenecho a kukiliniki anamutenga magazi ndipo anati mtovu wamuchulukira m'thupi. Anauza amayi kuti mwanayo asamasewerenso pa dothi la pakhomo, ndipo ngati tingathe, tikwirire yadi yonse ndi dothi labwino lochokera kutali, lochindikala ngati chikhatho. Amayi anabwera naye kunyumba. Anamusambitsa Yohane kawiri, ngakhale anali atasamba kale m'mawa.

Mwayi wathu unali wakuti amalume, mlongo wawo wa amayi, ankayendetsa tipa, galimoto yonyamula mchenga, pa kampani ina yomanga nyumba. Abwana awo anavomera kuwabwereka galimotoyo Loweruka limodzi lokha, kuti akatenge dothi lakuda pa famu ina ya kunjira ya ku Kapiri. Koma anafuna kudziwa pofika Lachitatu kuti akhala matiripi angati, kuti athire mafuta okwanira. Amalume anati tiripi imodzi, ikamwazidwa mochindikala chotero, imakwirira malo a masikweya mita makumi asanu.

Woyenera kuyeza yadiyo anali atate. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri kumgodi, akukoka tepi ndi kukhoma zikhomo patsogolo pa oyeza malo. Koma sabata imeneyo anali ku Katete, ku maliro a achimwene awo. Choncho amayi anatembenukira kwa ine.

"Misozi, wamasamu m'nyumba muno ndiwe," anatero. "Pima yadi, manje utiuze matiripi. Amalume ako abwela mailo."

Sindinama, ndinanyada. Ndinali woyamba pa masamu m'kalasi mwathu, ndipo ndinkayenda ngati ndinawapanga ndine. Ndinatenga chingwe choyanikira zovala, ndinachiyeza ndi rula yanga ya kusukulu, kenako ndinazungulira nacho yadi. Kutsogolo ndi m'mbali zonse zinayenda bwino, chifukwa mipanda inali yowongoka. Kuseri kuja, pachimimba cha ngalande, ndi komwe kunandivuta. M'buku lathu munalibe chithunzi chokhala ndi chimimba. Ndiye ndinangokoka chingwe chowongoka kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake, n'kunena mumtima kuti kotsalako n'kochepa, sikungasinthe kanthu.

Ndinachulukitsa, ndinachotsa malo a nyumba ndi chimbudzi, ndipo ndinapeza masikweya mita zana limodzi ndi makumi awiri. Nditagawa ndi makumi asanu, yankho linatuluka 2.4. Ndinalemba mzere kawiri pansi pake, monga ankafunira aphunzitsi athu. Kenako ndinakumbukira lamulo lomwe tinkaloweza m'kalasi mokweza mawu: nambala ya kutsogolo kwa kadontho ikachepera pa zisanu, timatsitsa. Choncho 2.4 inasanduka 2.

Amalume atabwera m'mawa mwake, ndinawauza kuti matiripi awiri. Amayi anayang'ana yadi, kenako anayang'ana ine.

"Awiri chabe? Si atatu?"

"Awiri, amayi. Ndiye lamulo la masamu. Foo ili pansi pa faifi."

Amayi analekezera sukulu mu giredi foo, ndipo ankaopa manambala monga ena amaopera agalu. Anangoti, "Chabwino, wophunzila ndiwe." Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero, chifukwa maso awo anali ataona zoona, koma ine ndinawatseka pakamwa ndi lamulo.

Loweruka tipa inabwera kawiri. Dothi lake linali lakuda bii, lozizira, lonunkhira mvula ngakhale kunali chilimwe. Anansi anabwera ndi mafosholo ndi mawilibala, azimayi a m'mphakati wathu wa tchalitchi anaphika, ndipo ntchito inayambira pa geti kulowera kuseri. Ine ndinkazungulira ndi kope m'manja ngati kapitawo. Cha m'ma fili koloko wilibala yomaliza inakhuthulidwa, ndipo dothi lakuda linathera mapazi angapo tisanafike pa mango. Chimimba chonse cha ku ngalande chinatsala mbuu, monga chinalili. Yohane anadutsa pa dothi latsopanolo osaliyang'ana n'komwe, n'kukakhala pamalo ake ndi supuni yake.

Amalume anali atabweza kale galimoto, ndipo panalibe za kupemphanso. Wina anati tipalepale dothi kutsogolo kuti lifike kuseri, koma amayi anakana, poti likapyapyala mapazi a ana angalibowole m'sabata imodzi. Palibe anandikalipira. Ndikanakonda akanandikalipira.

Atate anafika Lachiwiri. Anaika chikwama, anazungulira yadi manja ali kumbuyo, n'kuima nthawi yaitali pamalire a dothi lakuda ndi lotuwa. Ndinkadikira mkwapulo. M'malo mwake anandituma kukatenga chingwe chija, timitengo tambiri ndi kope langa.

Anandikhometsa timitengo m'mbali mwa nyumba, kamtengo kalikonse patapita mita imodzi, ndipo kuchokera pa kalikonse tinakoka chingwe mpaka pa ngalande. Chimimba chija chinagawika m'timizere tating'onoting'ono, ngati munda. Kamzere kalikonse kanali ndi mbali yaifupi ndi mbali yaitali, chifukwa cha kupindika kwa ngalandeyo.

"Manje uwelenge kawili," anatero atate. "Poyamba utenge mbali zazifupi zokhazokha. Ukasiliza, utenge zazitali zokhazokha."

Ndinawafunsa kuti nanga yankho lenileni likhala liti. Anaseka pang'ono.

"Lenileni sitilipeza, mwana wanga. Ngakhale azungu a kumgodi sanali kulipeza. Koma tizadziwa kuti silingachepele apa, silingapitilile apa. Tizalitsekela m'khola."

Ndinawerenga yadi yonse mwa njira imeneyi, nditakhala pa njerwa. Mbali zazifupi zinandipatsa matiripi awiri ndi theka. Zazitali zinandipatsa pafupifupi atatu. Ndinayang'ana manambala awiriwo ndipo manyazi anandigwira, chifukwa ngakhale yaing'onoyo inali yoposa awiri. Ndinayesabe kudziteteza. Ndinati aphunzitsi anatiuza kuti pansi pa zisanu timatsitsa.

"Aphunzitsi ako sananame," anatero atate. "Pa pepala ungatsitse. Koma uyang'ane. Ukalakwitsa mokweza, chitsala n'chiyani?"

"Dothi, atate."

"Dothilo tingabyalepo lepu, tipezepo ndiwo zamasamba. Nanga ukalakwitsa motsitsa?"

Ndinakweza maso. Yohane anali pomwepo m'manja mwa amayi, akulimbana kuti atsike apite pa mango.

"Kulakwitsa uzalakwitsa ndithu, aliyense wopima amalakwitsa," anatero atate akukulunga chingwe. "Iwe usankhe chabe mbali yolakwila. Uzifunsa kuti amene azadya kulakwitsa kwako ni ndani."

Tsiku lomwelo anatchinga chimimbacho ndi malata akale ndi mapesi. Chilango changa, ngati chinali chilango, chinali kuonetsetsa kuti Yohane asadutse mpandawo. Ndinasiya netibo ya masana. Miyezi itatu yonse mpaka mvula itagwa ndi udzu kumera, ndinkachokera kusukulu n'kukhala pakhonde, mwana ali pamwendo. Masiku oyamba ankagwira malata aja n'kumalira, akuloza mtengo wake, ndipo ine ndinkalira naye mobisa. Kawiri konse anandizemba. Ulendo wachiwiri ndinamupeza kuseri kwa mpanda, milomo ili mbuu, ndipo ndinamutokosa m'kamwa ndi chala mpaka anandiluma.

Lero ndimaphunzitsa masamu pa yunivesite, ndipo kafukufuku wanga ndi wa njira zopezera mayankho oyandikira pa masamu amene yankho lake lenileni silingalembedwe. Anthu amadabwa akamva kuti masamu otere ndiwo ambiri. Kuyenda kwa madzi pansi pa nthaka, kufalikira kwa fumbi mumphepo, kulemera kumene mlatho ungapirire, zonsezi timazigawa m'tizidutswa monga atate anagawira chimimba chija, kompyuta n'kuwerengera. Tizidutswa tikachepa kukula, khola limapanikiza yankho. Ntchito yanga yeniyeni si kupeza nambala, koma kutsimikizira kuti nambalayo ingaphonye ndi zingati, komanso mbali iti. Wophunzira akandibweretsera yankho lopanda malire ake, ndimamubweza, ndipo ndikudziwa kuti kumbali amanditcha mayi wovuta.

Yohane anakula. Sukulu inamuvuta, kuwerenga kunachedwa kumulowa, ndipo anabwereza makalasi awiri. Ndayesapo kangapo kudzifunsa kuti pa zimenezi gawo la chimimba chija ndi lalikulu bwanji. Fumbi linali paliponse, m'misewu ndi pabwalo la sukulu, ndipo magazi ake anali ataipa kale ine ndisanagwire chingwe. Ndikudziwa zonsezo. Komabe pa samu imeneyi ndimalephera kuika malire, apansi kapena apamwamba, ndipo ndaphunzira kungokhala nayo.

Panopa ndi wowotcherera zitsulo ku Bwacha, ndipo mageti ake amawongoka kuposa mizere ya m'makope anga. Chaka chatha mkazi wake anabereka mwana wamkazi, ndipo nyumba imene anapeza ili komwe kuja ku Kasanda, misewu iwiri kuchokera pathu pakale. Mwanayo atayamba kukwawa, Yohane anandiimbira foni. Anali atayeza kale yadi ndi tepi yake ya kuntchito, ndipo ananditumizira manambala ndi chithunzi chojambula pa katoni.

"Ba sisi, imwe ba masamu, niuzeni. Ni matiripi yangati ya dothi?"

Ndinawerenga kawiri, mbali zazifupi ndi zazitali. Yaing'ono inatuluka atatu osakwana pang'ono, yaikulu atatu ndi kakang'ono pamwamba.

"Anayi," ndinatero.

"Foo shuwa? Dilaiva akamba ati fili yakwana. Manje yosala nizaichita chani?"

Nkhani ya supuni ndi mango iye saikumbukira, ndipo sindinamuuzepo. Ndinamva mwana akulira chapatali m'foni, mayi ake akumutonthoza.

"Itanitsa anayi, Yohane," ndinatero. "Lotsalalo ubyalepo lepu."