Makomprimido Atatu Pachitenje

Ndimasamalira a Saidi a ku Insaca, nkhalamba yodwala kuthamanga kwa magazi. Sabata ina ndinaiwala kuwamwetsa mankhwala masiku atatu. Poopa mwana wawo amene anandilemba ntchito, ndinabisa makomprimido atatuwo, mapiritsi amene sanamwewo, powamanga pansonga ya chitenje changa.

Kuchipatala namwino atawayeza anakwinya nkhope. "Akumwa tsiku lililonse?"

"Eya," ndinanama.

"Ndiye tiwonjezere mphamvu ya mankhwala."

Nditamva zimenezo ndinamasula mfundo ija kuti ndimuonetse namwinoyo zoona zake, komprimido imodzi n'kugubuduzikira pansi pa benchi. Ndinaikwawira, anthu akuonerera.

"Mwachita bwino kuulula, mayi. Tikanawapweteka," anatero namwinoyo. Mtima wanga unakhala pansi.

Pobwerera a Saidi ankangoseka. "Mwana wanga tikamuuze limodzi. Koma zokwawazo ndikafotokoza ndine."