Mahedifoni Amene Agogo Anavomereza

Chigayo chinabwera kuseri kwa nyumba yathu ku Chamama ine nditakula kale. M'nyumbamo timakhala awiri, ine ndi agogo anga aakazi, amene anandilera makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Ndinakula wosakonda kulankhula. Agogo amalankhula zokwanira anthu awiri, choncho ine ndinazolowera kumvetsera ndi kuyang'ana.

Chigayocho ndi cha dizilo. Chikalira m'mawa, malata amanjenjemera, madzi a mu ndowa amachita timizeremizere. Nyengo yosankha fodya ndiyo inkandivuta kwambiri, chifukwa chigafa chathu chili mbali yomweyo ya chigayo. Kusankha fodya ndi ntchito yokhala pansi tsiku lonse: tsamba lowala uku, loderapo uku, long'ambika apo. Manja amagwira okha, koma mutu umafuna nyimbo. Ndinkaika foni m'kapu yachitsulo kuti mawu akule, koma chimene chinkandifika ndi ng'oma yokha, oimba onse atamezedwa ndi injini.

Mphunzitsi wina wa kusekondale, amene ankachita lendi pafupi nafe, ndiye anandiuza kuti kuli mahedifoni oletsa phokoso. Anandibwereka ake kamphindi. Nditavala n'kudina kabatani, chigayo chinakhala ngati chasamukira ku Lisasadzi. Anati akewo ndi odula, koma pa boma pa Kasungu amapezeka otsikirapo mtengo.

Ndinawafotokozera agogo tsiku lomwelo. Iwo amanditchula kuti amuna anga, monga amachitira agogo ambiri kwathu posereula ndi adzukulu awo aamuna.

"Ndiye amuna anga mukufuna kugula ugonthi ndi ndalama za fodya?" anatero.

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Agogo akakhalitsa pamphasa, bondo lawo lakumanzere limakana kuwongoka, ndipo amaitana ine kuti ndiwadzutse. Palibe wina pakhomopo.

"Bondo likakana inu mutatseka makutu, ndiziitana ndani? Mbuzi?"

Ndinati basi, ndazisiya. Koma iwo anati, "Ayi, tipitira limodzi. Ndikawayesa ndekha. Amene mawu anga sangadutsemo, sitigula."

Fodya woyamba atagulidwa tinakwera minibasi kupita pa boma. Tinalowa m'kasitolo kena ka mafoni pafupi ndi depoti. Magetsi anali atazima, ndipo jenereta inkabangula pakhonde. Ine ndinakondwera nazo mumtima, poti phokoso lake linali m'bale wake wa chigayo chathu.

Wogulitsa anali bambo wansangala, wovala chipewa chotembenuza. Anayamba ndi kundipatsa ofiira, owala ngati switi, n'kunena kuti amenewa ndi amene achinyamata akulimbirana. Ndinawatembenuza m'manja. Analibe kabatani, analibe potchajira. Nditavala, jenereta inali pomwepo, nyimbo yokha ndiyo inakwera mpaka kulasa m'makutu. Ndinawabweza.

"Achimwene awa amadziwa katundu," anatero, akutulutsa ena pansi pa kauntala.

Amenewa anali akuda, aakulu, okhala ndi zotsamira zonenepa ngati mabanzi. Anandipana mutu bwinobwino. Nditadina kabatani n'kuyatsa nyimbo ya kwaya, dziko lonse linachoka. Ndinamva ngakhale mpweya umene woimba besi ankakoka asanayambe mzere. Ndinawafuna pomwepo, ngakhale mtengo wake unali wokwererapo kuposa mmene ndinakonzekera.

Agogo anandiuza ndi dzanja kuti ndiyang'ane kukhoma, iwo n'kutuluka. Ndinadikira. Nyimbo inatha ndime yoyamba, n'kulowa yachiwiri. Chimene ndinaona ndi wogulitsa yekha, akugwira pamimba ndi kuseka. Nditacheuka, agogo anali ataima kuseri kwa jenereta, pakamwa pali yasa kundiitana, mayi wogulitsa mandasi akuwathandiza kuloza ine.

Anabwera pang'onopang'ono, natsamira kauntala.

"Awa ayi."

"Agogo, ntchito yake ndi yomweyotu," anatero wogulitsa. "Munthu akavala asamve chilichonse."

"Ntchito yake ndi kundisiya pamphasa mpaka dzuwa kulowa?"

"Ndiye inu mukufuna oletsa phokoso, koma osaletsa inuyo."

"Mwamvetsa msanga, mwana wanga. Sukulu munapitako."

Ndinavula mahedifoniwo n'kuwaika m'bokosi mwake mosamala. Sindinatsutse. Ndinkaganiza kuti tibwerera chimanjamanja, ndipo ndinayamba kudzitonthoza kuti kapu yachitsulo ija si yoipa kwenikweni.

Wogulitsa anakanda m'mutu, nakwera pampando, n'kutsitsa bokosi lophwanyika pakona, lafumbi. Munali mahedifoni otuwa, opepuka, osaoneka bwino. Anati anthu amawakana chifukwa amadutsitsa mawu a anthu. Amangopha phokoso lopitirira ngati la injini, koma munthu akakuwa pafupi, umamumva. Ankanena zimenezi ngati akupepesa.

Ndinavala n'kudina. Jenereta inatsika, inatsika, mpaka inangotsala ngati njuchi ili kumunda kwa eni. Nyimbo sinali yonona ngati m'akuda aja, koma oimba onse analipo, aliyense pamalo pake. Ndinayang'ananso kukhoma.

Pakati pa nyimbo panadutsa kamawu kakang'ono, kakuthwa, kamene ndakhala ndikukamva moyo wanga wonse.

"Amuna angaaa!"

"Wawa!"

Sindinadziwe kuti munthu wovala mahedifoni amayankha mokuwa. Aliyense m'sitolomo anadzidzimuka, ndipo wakabaza wina amene anaima panja anafunsa agogo kuti mwamuna wamng'ono chonchi anamupeza kuti. Iwo anamuyankha kuti anachita kumulera okha, poti amuna a masiku ano ochita kugula sakhalitsa.

Sanakhutire msanga. Anawoloka msewu ndi ndodo yawo, nakaima pafupi ndi ogulitsa tomato, n'kuitananso. Ndinawamva chapatali, ndinayankha. Anabwerera akumwetulira ngati apambana mlandu, ndipo anayamba kunenerera mtengo. Anati bokosi ndi lophwanyika, mtundu wake ndi wa phulusa, komanso mwini sitolo wanena yekha kuti anthu amawakana. Wogulitsa anatsitsa, akudandaula kuti pakamwa pake pamudyera phindu.

M'mawa mwake ndinakhala m'chigafa, fodya ali mbwee pamiyendo, chigayo chikulira kutali ngati cha mudzi wina. Ndinasankha mulu wonse osatopa. Dzuwa litakwera ndinamva kuitana kuja, ndipo ndinathamangira kukhonde mahedifoni ali m'khosi. Ndinawapeza atakhala phee pamphasa, akusenda mtedza.

"Bondo?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndimangoona ngati katundu wathu akugwirabe ntchito."

Ndinatembenuka kuti ndibwerere ku fodya.

"Poti mwabwera kale," anatero, akutambasula dzanja, "ndidzutseni."