Bokosi Lofiira Linali ku Malosa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala chaka chathunthu ndikungopalira mpunga wa mayi, mpaka alamuwo anatopa nane n'kukandipereka kwa mnzawo amene anali ndi makina ocheka matabwa kuno ku Domasi, kufupi ndi msewu wopita ku Liwonde. Bwanayo anandiyang'ana mapewa, satifiketi sanaifunse n'komwe.

Ntchito anandiphunzitsa ndi Che Saidi, bambo wachikulire wofatsa, amene anayendetsa makinawo zaka zambiri zala zawo zonse zili bwinobwino. Iwo ankakankha chipika cha paini kupita pa macheka, ine ndikulandira thabwa mbali inayo. Anandionetsa kunola mano a macheka ndi tupa, kukunga lamba wa injini, ndi kukankhira kathabwa komaliza ndi kamtengo m'malo mwa dzanja. "Macheka sadziwa mwini, aphwanga," ankatero.

Pakhoma la ofesi pankapachikidwa bokosi lofiira la chithandizo choyamba. Munali mabandeji, thonje, pulasitala, sizasi, magolovesi ndi mankhwala otsukira bala, zonse zimene akuluakulu oyendera malo antchito amafuna kuona. Vuto linali loti bokosilo silinali lathu tokha. Bwana analigula pamodzi ndi anzawo awiri, wa chigayo cha ku Malosa ndi wina wowotcherera zitsulo. Zikamveka kuti oyendera ali kwa uje, foni inkalira, bokosi n'kukwera njinga. Wopalasa ndinali ine. Ndisaname, ulendowo ndinkaukonda, chifukwa ndinkapumako ku fumbi n'kudya zitumbuwa panjira. Tinkaseka kuti bokosi lathu laona dziko kuposa ife.

Tsiku limenelo linali Lachinayi, dzuwa likuswa mtengo. M'mawa ndinakasiya bokosi kuchigayo, mwini wake nati oyenderawo sanafike, ndikalitenge mawa. Nditabwerera tinayamba kucheka matabwa a mabenchi. Chipika china chinali ndi mfundo yolimba. Macheka atagunda mfundoyo, chipikacho chinadumpha, dzanja lamanja la Che Saidi n'kutsetserekera pamano. Sanakuwe. Anangokhala pansi nati, "Zimitsani."

Ndinazimitsa injini n'kuthamangira ku ofesi. Ndinafika mpaka pakhoma, mkono nditatambasula, ine yemwe amene ndinachotsa bokosilo m'mawa. Panali msomali wokha.

Bwana anali atapita ku Zomba. Magazi ankatuluka osaleka, ine mutu utaima. Mayi wina amene anabwera kudzatapa utuchi wa m'khola la nkhuku zake anati utuchi umaumitsa magazi. Ndinatapa wa pansi pomwepo, wosakanikirana ndi oyilo ndi dothi, n'kuuthira pabala ndi manja angawa. Ndinakulunga ndi chiguduli chopukutira injini, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ine ndi mayi uja tinawagwirizira Che Saidi mpaka kumsewu. Maminibasi awiri anatidutsa ataona magazi, yachitatu inaima.

Kuchipatala namwino atamasula chigudulicho anandiyang'ana. "Wathira zimenezi ndani? Kuntchito kwanuko mulibe ngakhale bandeji?" Ndinayankha kuti bokosi lilipo, koma lapita ku Malosa. Anangopukusa mutu.

Macheka anatenga zala ziwiri zokha. Zotsalazo adokotala anayesetsa kuzipulumutsa, koma bala linaola, ndipo patatha masiku analidula dzanja lonse. Ananena mosabisa kuti likanamangidwa ndi bandeji yoyera, mwina likanatsala.

Bokosi ndinakalitenga Lachisanu, lodzaza monga linapitira. Oyendera anali atalitsegula, kuwerenga zonse, n'kumuyamikira wachigayo uja. Bwana ankauza anthu kuti inali ngozi chabe, ndipo Che Saidi nawonso anati ndi zimene Mulungu analemba. Ine mtima wanga unakana. Nditapita kukawaona kwawo ndinawapeza akuphunzira kudya ndi dzanja lamanzere, limene moyo wawo wonse sanadyerepo, akazi awo atayang'ana kumbali kuti asawachititse manyazi. Anandipatsa moni ndi lamanzere lomwelo nati, "Pepani aphwanga, lamanja kulibe." Iwo kupepesa ine. Ndinalira njira yonse yobwerera, ndipo mwezi umenewo ntchito ndinasiya.

Lero ndili ndi kashopu kanga ka ukalipentala, tilimo anthu anayi. Bokosi langa la chithandizo choyamba ndinaligula ndisanagule n'komwe mpando wokhalira makasitomala. Lilibe loko. Mwezi uliwonse ndimalitsegula kuona zimene zatha ndi zimene zapitirira masiku, ndipo aliyense m'shopumo amadziwa kuti bala lalikulu timalipanikiza ndi bandeji yoyera, kukweza dzanja m'mwamba, n'kuthamangira kuchipatala.

Chaka chatha mnansi wanga wokonza njinga zamoto anabwera ali wefuwefu. "Achimwene, oyendera ali pafupi, ndibwerekeni bokosi ola limodzi lokha." Ndinamutengera pakhoma kuti adzionere yekha. Bokosi langa silipachikidwa, ndinalikhomerera ndi misomali isanu ndi umodzi. Mpaka lero mnansiyo sandipatsa moni.